Mabatani Abodza

Nditangotsegula chitseko cha a Sizasi m'mawa umenewo, fungo la sopo linandimenya m'mphuno, ndipo pomwepo ndinadziwa kuti zinthu zalakwika. Pansi anali atakolopa mpaka simenti kuwala. Pabedi panali nsalu zoyera zimene sindinazionepo. Ndowa ija imakhala pambali pa bedi, yothandiza pamene miyendo yakana kufika kuchimbudzi, inali itasowa. Poto wopserera amene ndinasunga dala pansi pa tebulo kuti mlendo wa ku boma adzaone ndi maso ake, nayenso panalibe.

Ndinatuluka n'kukapeza mayi Landilodi akuyanika zigamba zokolopera pa chingwe, akumwetulira ngati munthu amene akudikira kuthokozedwa.

"Mayi, dzulo tinagwirizana chiyani?"

"Tinagwirizana kuti tisakhudze kanthu," iwo anavomera. "Ndipo ine sindinakhudze kanthu. Ndangopukutapukuta."

"Ndowa ili kuti?"

"Kuseri kwa bafa. Inu mayi Telala, kukubwera anthu a boma pakhomo panga, mumafuna apeze ndowa ili pakati pa nyumba? Akanene kuti kuno timasunga munthu wamkulu ngati mbuzi?"

"Nanga poto uja?"

"Ndakwecha. Wayera, simungamudziwe."

Ndinangogwira m'chiuno. Kukalipa ndimadziwa, aliyense mumsewu muno angakuuzeni, koma munthu umamukalipira bwanji chifukwa chakuti wachapa?

Ine ndine telala. Shopu yanga ili pa mzere wa mashopu oyang'ana kumsewu, moyandikana ndi malo ometera, ndipo kuseri kwa mzerewo kuli zipinda za lendi za mayi Landilodi. M'chipinda chakumapeto ndi mmene mumakhala a Sizasi. Dzinali analitenga kalekale ali wometa, chifukwa ngakhale mutu utatha, sizasi sinkasiya kulira m'mwamba mpaka mwini wake amalize nkhani. Amuna ambiri a mumsewu muno anametedwa koyamba ndi iwo, akulira pa kathabwa kopingasa pa mpando. Tsopano akazi a bambowa anamwalira, manja ayamba kunjenjemera, ndipo miyendo imavomera lero n'kukana mawa. Shopu anasiyira a Dazi, amene anaphunzira ntchito m'manja mwawo. A Dazi ndi wometa amene mutu wake sufuna wometa, ndipo nawonso imvi zawayamba m'ndevu.

Tili ndi kagulu koyang'anira okalamba m'dera lathu, ndipo anzanga anandisankha kukhala wowalankhulira, ati pakamwa panga sipatopa. Ntchito yake ndi yoyenda m'maofesi, kukhala pa benchi, kubwezedwa, n'kubwereranso osachita manyazi. Za a Sizasi ndinayenda mpaka nsapato kupendama zidendene. Ndinkapempha chinthu chimodzi: atipatse wosamalira wamwamuna woti azibwera m'mawa uliwonse kudzawadzutsa, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala. Zina ife timatha. Koma ine sindingasambitse munthu wa msinkhu wa bambo anga, ndipo a Dazi, amene anawanyamula atagwa m'bafa mwezi wathawu, msana wawo ukudandaulabe mpaka lero.

Mwana wawo wamkazi amagwira ntchito kutali, amakhala m'nyumba zosanja zija zokwera ndi masitepe osatha. Atamva za kugwako anandiimbira foni akulira. Anati ngati wosamalirayo sapezeka, mwezi uno ukatha abwera ndi galimoto kudzawatenga. Sindimunena, ndi mwana wokonda bambo ake. Koma amachoka kunyumba m'mawa n'kubwera kutada, ndipo bambo ake azikatsala okha m'mwamba umo, chitseko chokhoma, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti iwo anali ndani. A Sizasi anapitako kamodzi kukacheza, anabwerako ataonda ngati adwala. Nditawafunsa, anati, "Mwana wanga, kumene kuja ndinkalankhula ndi firiji."

Tsono tsikuli ofesi ya boma yoona za okalamba inali itavomera kutumiza munthu kudzaona ngati a Sizasi akufunikadi thandizo. Osamalira ndi ochepa, odikira ndi ambiri, ndiye amapereka kwa okhawo amene zawavuta zenizeni. Mlendoyo akapeza munthu wodzidalira, basi nkhani yathera pomwepo, kwatsala n'kumanga katundu.

Chimene chinkandidya mutu n'chakuti thandizo lathu lonse linali lobisa. A Sizasi ukawagwira mkono powoloka msewu amakusasa ngati ntchentche. Choncho tinaphunzira kuwathandiza mowanamiza. Mayi Landilodi amabwera ndi mbale yodzaza n'kunena kuti, "Tandilawireni mchere bambo, lilime langa latha," kenako amaiwala mbaleyo pa tebulo. A Dazi amabwera ndi lumo, ati akufuna aphunzitsi awo amve pa tsaya lawo ngati lanoledwa bwino. Ketulo timaisiya ndi madzi a kapu imodzi basi kuti isawalemere. Ine nditaona zala zawo zikulimbana ndi batani limodzi mpaka thukuta, ndinatenga malaya awo onse ati ndikakonze makolala. Ndinatseka mabowo, mabatani n'kuwasokera pamwamba kuti azingooneka, kunsi kwake n'kuika kansalu komata kaja ka pa nsapato za ana. Ukangokanikiza, malaya atsekeka, woona n'kumati bambowa amamanga okha mpaka la pakhosi. Iwo sanafunse, ine sindinanene. Akamata mokhota ndimati, "Pali kaulusi apa bambo," n'kuwongola mwachangu ngati ndikuchotsa ulusiwo. Ntchito imeneyo ndinkainyadira, chifukwa ngakhale telala mnzanga sakanazindikira.

A Sizasi ndinawapeza kometera, atakhala pa mpando wawo wakale, a Dazi akuwapukuta m'khosi ndi thaulo. Ndevu zimene ndinapempha kuti zisiyidwe zinali pansi. Anali atavala suti yawo yakuda, tayi, ndi nsapato zopolisha. Munthu amene dzana anakhala m'mawa wonse pabedi akulephera kudzuka, tsopano ankaoneka ngati akupita kukatsegulira msonkhano.

Ndinayang'ana a Dazi. A Dazi anayang'ana lumo.

"Andiitana okha," ananong'ona. "Ndikanakana bwanji? Ndi aphunzitsi anga."

"Mutu wanuwo kunja kulibe kanthu, kodi m'kati namonso ndi chimodzimodzi?"

Ndinakoka kampando n'kukhala pafupi ndi a Sizasi.

"Bambo, mukukumbukira zimene tinakambirana zija? Lero si tsiku lodzilimbitsa. Akakufunsani, muwauze mmene zinthu zilili."

"Ukufuna ndiname?"

"Ayi bambo, ndikufuna munene zoona."

"Ndiye ukudandaula chiyani? Zoona ndinena." Anadziyang'ana pa galasi n'kukankha tayi ndi dzanja lonjenjemera. "Ine mlendo sindinamulandirepo ndili ndi ndevu, ndipo sindiyamba lero."

Malaya anali atamata mokhota, mbali imodzi ya kolala ili m'mwamba. Dzanja langa linangopita lokha.

"Pali kaulusi apa bambo."

Ndinawongola, ndinakanikiza, kolala inakhala bwinobwino. Nditabweza dzanja m'pamene ndinazindikira kuti nanenso ndakolopa ngati mayi Landilodi. A Dazi anandiyang'ana pa galasi.

Mlendo anafika dzuwa litakwera. Ndinkayembekezera munthu wa galimoto ndi nkhope yothina, koma anabwera mayi wachitsikana, wapansi, nsapato zili mbuu ndi fumbi, chikwama cha mapepala chikumukokera phewa limodzi pansi. Analonjera aliyense mwaulemu. Atalowa m'chipinda cha a Sizasi anaima kaye n'kupuma mozama.

"Koma muno ndiye mukununkhira," anatero. "Kumene ndikuchokera uku ndapeza agogo ena akugona pansi, madzi akumwa atawathera dzulo, ndipo palibe amene wawasuzumira."

Mayi Landilodi, amene anaima pakhomo atapinda manja, anandiponyera diso lakuti mwaonatu. Ndinawamvera chisoni agogo osawadziwawo, komanso ndinachita nawo mantha, chifukwa ndi anthu ngati amenewo amene a Sizasi ankapikisana nawo atavala tayi.

A Sizasi anapatsa mlendo mpando wabwino, iwo n'kukhala m'mphepete mwa bedi, msana uli njo. Ine ndinakhala pa kabenchi pafupi ndi zenera, a Dazi atatsamira felemu la chitseko. Mlendo anatulutsa cholembera n'kuyamba.

"Bambo, pa nkhani ya chakudya zimayenda bwanji?"

"Ndimadya bwino kwambiri. Mpaka anthu amachita kubwera kudzandifunsa ngati mchere wakwana."

"Ndikuona mwameta bwino. Mumadzimeta nokha?"

"Mayi, ine ndameta mitu yambiri kuposa imene inu mwaiona chibadwire."

Mlendo anaseka n'kulemba. Bambowa sananame ngakhale kamodzi. Funso lililonse ankangolilambalala ngati munthu wovala nsapato zatsopano akadutsa pa matope.

"Nanga kuvala? Mumafuna wokuthandizani?"

Anangokweza chibwano n'kuloza pakhosi. Mlendo anawerama n'kuyang'anitsitsa mzere wa mabatani anga aja, owongoka ngati ndawayeza ndi tepi, ndipo ndinawayezadi.

"Ambiri a msinkhu wanu la pakhosili linawakanika kalekale," anatero mogoma.

Chiyambire kusoka, aka kanali koyamba kuti munthu ayamikire ntchito yanga ine n'kumva ngati wanditukwana.

"Ndamva kuti munagwa m'bafa."

"Kugwa aliyense amagwa, mayi. Inu simunagwepo?"

"Ndatsala pang'ono kugwa lero lomwe potsika basi," anatero akusekanso.

Ndinatsokomola kuti a Sizasi andiyang'ane, koma iwo anali atatenthedwa kale. Mwezi wonse anali asanapeze munthu watsopano womusangalatsa, ndipo tsopano anali atabwerera pa ntchito yawo yakale, kasitomala ali pa mpando. Anamuuza mlendo za bwana wina amene anagona akumetedwa n'kudzuka alibe masharubu. Kenako anadzuka.

"Simungachoke osamwa tiyi."

"Musavutike bambo."

"Si vuto. Khalani pomwepo."

Anayenda kupita pa tebulo akugwira mpando, kenako khoma, mochenjera ngati akungosisita katundu wawo. Madzi atawira anagwira ketulo ndi manja awiri, chigongono atachipanikiza m'nthiti, nkhope itauma. Ine ndinapezeka ndikupempha mumtima kuti ketuloyo iwapulumuke. Inde, ndinafuna kuti munthu amene ndimamukonda ngati bambo anga atayikire madzi otentha pamaso pa mlendo. Manyazi anandigwira, koma pempho sindinalibweze. Mlomo wa ketulo unagogoda pa kapu kangapo, iwo n'kukweza mawu ndi nkhani ina kuti phokosolo lisamveke. Madzi a kapu imodzi amene mayi Landilodi anasiyamo anakwana ndendende, osatayika ngakhale dontho.

Foni yanga inanjenjemera m'thumba. Anali mwana wawo uja, akufunsa ngati mlendo wafika ndiponso ngati zikuyenda. Ndinaibweza m'thumba osayankha.

Mlendo anamwa tiyi wake, anayang'ana pansi powala, bedi loyala bwino, poto wonyezimira pa shelefu. Kenako anatseka mapepala ake.

"Bambo, mwandisangalatsa. Ndikanakonda onse amene ndimawayendera akanakhala ngati inu. Pitirizani kudzisamalira chomwechi."

"Muzibwera, tizicheza," a Sizasi anatero, nkhope ili ngwee.

Ndinamutsatira mlendo panja. Titafika pa chingwe choyanikira ndinamugwira chikwama.

"Mayi, zimene mwaona muja si zoona. Bambo aja sangathe kusamba okha. Pali zambiri zimene sanakuuzeni."

Anandiyang'ana ndi maso otopa, osati aukali.

"Ndakumvani mayi, ndipo nkhope yanu ndikuidziwa, mumabwera ku ofesi kuja. Koma anthu ambiri amandinong'oneza panja chonchi. Ena ndi ana ofuna nyumba ya makolo awo, ena ndi aneba amene atopa. Sindikuti inu ndinu otero. Koma munthu wamkulu wanzeru zake sindingamulembere zinthu kumbali. Ndimalemba zimene ndaona ndi zimene mwini wake wavomera. Ngati pali zoti munene, tiyeni mukanene iwo akumva."

Ndinayang'ana chitseko chija. Zaka zonsezi tinkayenda monyang'ama kuti bambowa asadziwe kuti tikuwanyamula, ndipo tsopano ndinkayenera kukawavula pamaso pa mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wawo. Ndikakhala chete, apita ku firiji kuja. Ndikalankhula, mwina sadzandiyang'ananso kumaso.

"Tiyeni," ndinatero.

A Sizasi anadabwa kutiona tikubwerera. Anali atayamba kale kufooka, mapewa atagwa, koma atangoona mlendo anadziwongolanso.

"Mwaiwala kanthu?"

"Mayiwa akuti ali ndi mawu," mlendo anatero, ataima chikwama chili paphewa.

Sindinakhale pansi. Ndinayang'ana nsapato zawo zopolisha zija chifukwa kumaso sindikanatha.

"Bambo, mundikhululukire. Mayi Landilodi lilime lawo ndi labwinobwino. Mbale zija amabweretsa chifukwa inu simungathenso kuphika. Tsiku lomaliza limene munayesa, poto anapserera mpaka utsi kutuluka pa zenera."

"Inu mayi Telala," mayi Landilodi anatero chapansipansi, "si bwino zimenezo."

"Lumo la a Dazi silifuna kuyesedwa. Amakumetani chifukwa manja anu sangagwirenso lumo. Ketulo ija timathiramo madzi ochepa dala. Mankhwala mumaiwala, ndimachita kuwerenga otsala inu mukayang'ana kumbali."

Mawu anga ankamveka ngati a munthu wina. Ndinafika pa nkhani ya ndowa, ndipo apo ndinakanika. A Dazi anali atayang'ana kudenga.

Nditalimba mtima n'kukweza maso, ndinapeza a Sizasi atapanikiza manja awo pakati pa mawondo kuti asanjenjemere. Sankandiyang'ana ine. Ankayang'ana khoma, ndipo nkhope imene inali ngwee ija inali itazima.

"Bambo," mlendo anafunsa mofatsa, "zimene akunena mayiwa n'zoona?"

Ndinadziwa kuti akangoti ayi, kapena akangoponya nthabwala ina, mtsikanayu atuluka ndipo sabweranso. Ndinali nditawachititsa manyazi, ndipo mwina pachabe. Foni inanjenjemeranso m'thumba, ine n'kuikanikiza ndi chikhato ngati ingamveke.

Kenako a Sizasi anagwira m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kudzuka. A Dazi anasuntha kuti awathandize, iwo anawaletsa ndi diso. Ataima anayamba kuvula jekete. Zinatenga nthawi. Mkono umodzi unatuluka, winawo unakodwa, ndipo tonse tinangoima manja ali lende, tikuonerera munthu akulimbana ndi jekete yake. Itagwera pabedi anakoka tayi mpaka inamasuka. Ndiyeno anagwira malaya ndi manja onse awiri pachifuwa n'kukoka.

Kansalu komata kaja kanalira kuti khwee, kuyambira pakhosi mpaka pamimba. Malaya anatseguka, mabatani onse ali phee pa mzere wawo, palibe ndi limodzi lomwe limene linadutsa pa bowo.

"Mabatani mwawayamikirawa ndi maluwa chabe, mayi," anatero. "Anandisokera ndi mwana wangayu."

Koma ine sindinkayang'ananso mabatani. Nthiti za kumanzere zinali zotupa, ndipo panali bala lalitali lokhulika limene linali litangoyamba kugwira nkhanambo. Silinali la mwezi wathawu. Mayi Landilodi anagwira pakamwa.

"Aphunzitsi, chimenecho n'chiyani?" a Dazi anafunsa.

"Ili ndi la dzana. Awa sakudziwa," a Sizasi anauza mlendo, ngati ife palibe. "Ndinagwanso m'bafa momwe muja, mbandakucha. Ndinabwerera chokwawa kuti asandione, chifukwa akanaimbira mwana wanga. Atabwera kudzandiona ndinawauza kuti ndi ulesi chabe."

Anakhala pansi pang'onopang'ono, dzanja lili pa nthitipo.

"Za mchere ndimadziwa. Mayiwa chiyambire sanaperewezepo mchere. Za lumo ndimadziwanso. Mnyamatayu kunola ndinamuphunzitsa ndine, ndingalephere kumva kuti lumo lake n'lakuthwa kale? Ndimangowasiya. Akandinamiza chotero amachoka okondwa, inenso ndimatsala ndili munthu." Anapuma. "Pali ndowa imene imakhala apa. Aibisa kuseri kwa bafa. Mwana wangayu wachita manyazi kuitchula, ndiye ndaitchula ndekha."

Mlendo anatsitsa chikwama paphewa.

"Nanga bwanji simunandiuze poyamba, bambo?"

"Munali mlendo, ndipo munkaseka bwino." Anayesa kumwetulira koma sizinatheke. "Kwa mwana wanga sindikufuna kupita, mayi. Si woipa, amandikonda. Koma kumene kuja kulibe wondinamiza."

Mayi Landilodi anatuluka mofulumira, ndipo tinawamva akumina panja. Mlendo anakokanso mpando uja n'kukhala, anatsegula mapepala, n'kukhwatcha zimene analemba poyamba.

"Tiyambirenso," anatero. "Mukufuna anthuwa atuluke?"

"Akhale. Chatsala n'chiyani choti ndiwabisire?"

Anafunsa mafunso omwe aja, ndipo ulendo uno a Sizasi anayankha mwachidule, popanda nthabwala. Ayi, sindingathe. Ayi, ndimaiwala. Inde, nthawi zina sindifika. Yankho lililonse linkandilasa ngati singano, chonsecho ndi mayankho amene ndinathera nsapato kuti amveke. Ndinafuna kusangalala koma sizinabwere. Ndinkangoona mmene bambowa ankachepera pabedipo, malaya ali pululu, ndipo ndinkadziwa kuti wayambitsa ndine.

Pomaliza mlendo anati bala lija likaonedwe kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira mawa. Za wosamalira anati sanganene tsiku, koma a Sizasi awaika m'gulu la ofunika msanga, ndipo mwezi usanathe munthu ayamba kubwera. Ndinamufunsa ngati ndingauze mwana wawo zimenezo.

"Muuzeni. Akafuna andiimbire ndimuuze ndekha," anatero.

Potsanzikana a Sizasi sanadzuke. Anangokweza dzanja, ndipo mlendo analigwira ndi manja ake awiri. A Dazi anatuluka naye limodzi kukafuna galimoto yopitira kuchipatala. Patapita kanthawi mayi Landilodi analowa atanyamula ndowa ija, anaiika pamalo pake pambali pa bedi osayang'ana aliyense, n'kutulukanso.

Tinatsala awiri. Sindinadziwe ngati ndichoke kapena ndikhale. Chilowereni kachiwiri muja anali asanandiyang'ane, ndipo mtima wanga unali m'mwamba kudikira mawu oyamba amene andiuze. Ndinanyamula kapu ya mlendo n'kuitsuka, ngakhale kuti mayi Landilodi akanaitsukanso. Kumbuyo kwanga ndinkamva kansalu kaja kakulira pang'onopang'ono, akumata, akumatula, akumatanso.

Nditatembenuka, malaya anali atatsekeka mokhota kwambiri, kolala imodzi ili kukhutu, pamimba pali potseguka. Anayesa kukokera pansi, sizinathandize. Anasiya manja pa mawondo.

Ndinayandikira mwamantha.

"Bambo, pali kaulusi apa."

Apo m'pamene anakweza maso n'kundiyang'ana. Anali ofiira, koma munalibe mkwiyo umene ndinkauopa.

"Palibe kaulusi, mwana wanga," anatero. "Tangondimangira malayawa."

Ndinagwada patsogolo pawo, ndinamatula malaya onse mosamala kuti ndisakhudze bala lija, n'kuyambira pa batani la pansi.